Momwe mungapezere gulu la anthu osiya mowa pafupi ndi kwanu

Magulu a anthu amene akulimbana ndi kusiya mowa saika chikwangwani pamsewu. Mukhoza kumadutsa tsiku lililonse pa kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi kapena pa kalasi ya pasukulu pomwe amakumana madzulo, inu osadziwa kanthu. Amachita dala, chifukwa munthu wobwera koyamba amafuna kulowa osaonedwa ndi apongozi ake kapena abwana ake a kuntchito. Kuipa kwake n'kwakuti amene akulifuna gululo amavutika kulipeza. Njira yake ndi kufunsa, ndipo kwa munthu amene wakhala zaka akubisa botolo, kufunsako ndiye phiri. Malangizo awa ndi okuthandizani kudziwa woti mumufunse, mawu oti munene, ndi choti muchite akakulozerani khomo.

Gulu limene tikunena pano ndi la anthu amene onse mowa unawagwetsapo. Palibe dokotala wokhala kutsogolo, palibe mbusa wolalikira. Wina wakhala zaka zisanu osamwa, wina miyezi iwiri, wina anamwa dzulo. Amakhala pansi kwa ola limodzi kapena ola ndi theka, aliyense n'kufotokoza za iye mwini, kenako n'kubalalika.

Choyamba: funsani kaye thupi lanu

Musanayambe kusaka gulu, yankhani moona mafunso awa. Kodi mumamwa tsiku lililonse? Mukadzuka manja amanjenjemera mpaka mutalawako pang'ono? Munayamba mwakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu mutakhala tsiku limodzi kapena awiri osamwa? Munayamba mwaona tizilombo pakhoma kapena kumva mawu a anthu amene palibe?

Ngati yankho lili inde pa limodzi la mafunso amenewa, musasiye mowa mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi matsire chabe, koma thupi limene lazolowera mowa wa tsiku ndi tsiku limasokonezeka ukalichoka. Kunjenjemera, thukuta ndi nseru zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 kuchokera pamene munamwa komaliza. Kukomoka kumabwera kawirikawiri mkati mwa masiku awiri oyamba. Choopsa kwambiri chimafika pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi: munthu amatentha thupi, mtima umathamanga, amabwebweta, sazindikira abale ake. Kumudzi amati walodzedwa kapena wapenga. Ndi matenda odziwika bwino kuchipatala, amapha, koma amachizika. Madokotala amapereka mankhwala ngati diazepam kwa masiku ochepa, akumachepetsa pang'onopang'ono, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa gulu la anzanu silingakuthandizeni pamenepa. Lilibe mankhwala, ndipo gulu labwino lidzakuuzani lokha kuti pitani kaye kuchipatala. Ubwino wake ndi wakuti ulendo wa kuchipatalawo ndi womwewo umene ungakupezereni gulu.

Chachiwiri: dziwani chimene mukusaka

Mukangofunsa kuti "kuli gulu?" anthu adzakulozerani chilichonse, ngakhale kwaya. Ndi bwino kudziwa mayina.

Gulu lakale komanso lofala kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku Ohio, ku America, pamene Bill Wilson, munthu wa zamalonda wa ku New York, anakumana ndi dokotala wa opaleshoni Bob Smith. Onse awiri anali zidakwa zolephereka, ndipo anaona kuti kulankhulana okhaokha kunkawathandiza kukhala osamwa kuposa malangizo a anthu amene sanalawepo vutolo. Lero AA ili m'maiko pafupifupi 180. Malamulo ake ndi amene muyenera kuwasunga pamtima, chifukwa ndi muyeso woyezera gulu lina lililonse: chofunika kuti munthu alowe ndi kufuna kusiya mowa basi, palibe ndalama yolowera kapena ya umembala, anthu amatchulana dzina loyamba lokha, gulu silili pansi pa mpingo, chipani kapena boma. Amatsatira masitepe 12, omwe ndi mfundo zowatsogolera pa ulendo wosiya mowa, ndipo m'masitepemo amatchula Mulungu "monga momwe munthu akumudziwira", kotero Mkhristu, Msilamu ndi wosapemphera amakhala pa benchi limodzi.

Ena amafunsa ngati kukhala pansi n'kumacheza kungachiritse munthu. Mu 2020 bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, ndipo linapeza kuti AA pamodzi ndi uphungu wolozera anthu ku AA zimathandiza kukhala osamwa mofanana kapena kuposa njira zina zodziwika za uphungu. Sikuti aliyense wopita amasiya ayi. Koma si nthabwala.

Pali ena. SMART Recovery inayamba mu 1994, ndipo ilibe nkhani ya Mulungu. Imaphunzitsa njira zolimbana ndi chilakolako ndi maganizo amene amakokera munthu ku bala. Kwathu kuno mudzaipeza makamaka pa intaneti. Celebrate Recovery ndi ya Chikhristu poyera, inayambira pa mpingo wa Saddleback ku California mu 1991, ndipo imakumana m'matchalitchi. Narcotics Anonymous, kapena NA, ndi ya amene akuvutika ndi chamba ndi mankhwala ozunguza bongo, koma kwa iwo mowa nawo ndi mankhwala, choncho ngati ndi yokhayo imene ili pafupi, pitani. Kwa Akatolika kuli a Pioneer, bungwe limene linayambira ku Dublin mu 1898. Awa ndi anthu olonjeza kusamwa, ndipo ambiri mwa iwo sanakhalepo zidakwa. Angakulimbikitseni, koma sangadziwe zimene zimachitika m'mutu mwa munthu pa 4 koloko m'mawa manja akunjenjemera. Kenako pali magulu amene zipatala zothandiza anthu kusiya mowa zimakhazikitsa kuti amene anatuluka azikumanabe. Ku Malawi kuno, kumene magulu a AA ndi ochepa ndipo amapezeka makamaka m'mizinda, magulu a kuchipatalawa ndi amene munthu angawapeze msanga.

Chachitatu: funsani kwa anthu amene amaona zidakwa tsiku ndi tsiku

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu woyamba kumufunsa ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi anthu amenewa, ndipo ena amayendera zipatala zing'onozing'ono pa masiku oikika. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre zili ndi kiliniki ya matenda a maganizo, ndipo ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital. A St John of God ali ndi ntchito yothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Iwo si chipatala cha boma, ndiye funsani za malipiro musananyamuke. Ku Zambia, chipatala cha Chainama Hills ku Lusaka chimagwira ntchito yomweyi.

Ndikudziwa chimene chikukuimitsani. Mukuti, "Anthu akandiona pa mzere umenewo adzati ndapenga." Pa mzere umenewo pamakhala a khunyu, amayi amene akuvutika maganizo atabereka, anthu osowa tulo, ndi ongotengera abale awo mankhwala. Palibe amene adzadziwe chimene mwabwerera. Ndipo kunena zoona, anthu a m'dera lanu anakuonani kale mukudzandira pa msika. Chimene sanakuoneni ndi kufuna thandizo.

Mukalowa, musazungulire. Ambiri amayamba ndi mutu, m'mimba, kusowa tulo, n'kutuluka ndi panado osanena chimene anabwerera. Nenani motere: "Anamwino, ine mowa wandikulira. Ndayesa kusiya ndekha ndalephera. Ndikufuna thandizo, komanso ndikufuna kudziwa ngati pali gulu la anthu osiya mowa limene limakumana kuno kapena pafupi." Akakufunsani kuchuluka kwa mowa umene mumamwa, musachotsereko. Ngati ndi mabotolo atatu a kachasu pa tsiku, nenani atatu. Mankhwala amene angakupatseni amadalira nambala imeneyo. Auzeninso ngati mukumwa ma ARV, mankhwala a TB kapena a BP, chifukwa mowa ndi mankhwala ena a TB zonse zimalemetsa chiwindi chimodzi chomwecho.

Akanena kuti sakudziwa gulu lililonse, musadzuke msanga. Funsani funso lachiwiri: "Nanga pali munthu amene munamuthandizapo, amene anasiya ndipo akadali osamwa, woti angalole kulankhula nane?" Namwino sangakupatseni dzina kapena nambala ya wodwala wina, ndipo sayenera kutero. Koma inu mukhoza kusiya nambala yanu kuti akaipereke kwa munthuyo ngati iye wavomera. Njira imeneyi anthu saiganizira, koma ndi mmene magulu ambiri amayambira.

Ngati chipatala chili kutali, yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena a ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku boma. Aphungu a ku kiliniki ya ma ARV nawonso amadziwa zambiri, poti mowa ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amadumphira mankhwala, ndipo iwo anazolowera kale kuyendetsa magulu othandizana.

Chachinayi: foni, mpingo ndi mzikiti

Kwa amene kuyang'anizana ndi munthu maso ndi maso kukuwavuta, foni imapepukitsa. Bungwe la YONECO lili ndi nambala yaulere ya 6600 yokhudza mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Chipatala cha pa Foni, pa 929, chingakuuzeni chipatala choyenera kupitako. Bungwe la Drug Fight Malawi limagwira ntchito pa nkhani za mowa ndipo ndi malo ena ofunsirako. Poimba khalani ndi cholembera, ndipo tchulani boma lanu ndi tawuni imene mungafikeko mosavuta. Nambala ikapanda kuyankhidwa, imbaninso mawa m'mawa. Musatenge kusayankhidwa ngati chizindikiro choti zisiyeni.

Ku mpingo, funsani munthu amene amasunga makiyi a holo ndi kulemba amene akubwereka zipinda, kaya ndi mlembi wa parishi, katekisiti kapena mkulu wa mpingo. Magulu a AA padziko lonse amakonda kubwereka zipinda za matchalitchi ngakhale kuti si a mpingo, ndiye wosunga makiyi amadziwa zimene ngakhale akhristu ambiri sadziwa. Simukuyenera kukhala wa mpingo umenewo. Ansembe, abusa ndi mashehe amene amayendera zipatala ndi ndende amakhalanso ndi nkhani zotere m'manja. Kwa Msilamu manyazi amakhala owirikiza, popeza mowa ndi woletsedwa. Ngati kufunsa ku mzikiti wa kwanu n'kosatheka, funsani wa tawuni ina, kapena pitani njira ya kuchipatala.

Chenjezo limodzi pa mipingo. Pemphero lathandiza anthu ambiri kuima, ndipo sindikulinyoza. Koma kupemphereredwa tsiku limodzi pa msonkhano n'kuuzidwa kuti chiwanda chatuluka sikulowa m'malo mwa anthu oti muzikumana nawo mlungu uliwonse. Lolemba bala imatsegulabe, ndipo anzanu akale amakhala akadali ndi nambala yanu.

Chachisanu: intaneti

Pa Google kapena Facebook lembani m'Chingerezi, chifukwa ndi mmene magulu ambiri amadzilembera: "Alcoholics Anonymous" kenako dzina la tawuni, kapena "AA meetings Lilongwe", "AA meetings Blantyre", "AA Lusaka". Pa aa.org pali malo osakira maofesi a AA m'maiko osiyanasiyana. Palinso apu yaulere yotchedwa Meeting Guide imene imaonetsa misonkhano yapafupi, koma imangoonetsa madera amene maofesi awo anailumikiza, choncho ikaonetsa kuti palibe kanthu musakhulupirire kuti kulibedi.

Mndandanda wa pa intaneti umakalamba msanga. Gulu limasamuka, munthu amene nambala yake inalembedwa amapita kwina, nthawi imasintha. Chilichonse chimene mwapeza chitengeni ngati mphekesera mpaka mutalankhula ndi munthu.

Amene muli kunja kwa dziko zinthu n'zosavuta. Ku South Africa AA ilipo kuyambira mu 1946, ndipo ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban misonkhano imachitika tsiku lililonse. Bungwe la SANCA, lothandiza ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, lilinso ndi maofesi m'madera ambiri a dzikolo. Ku Britain nambala yaulere ya AA ndi 0800 917 7650, ndipo amene amayankha ndi anthu oti nawonso anasiya mowa; dokotala wanu wa nthawi zonse (GP) angakutumizeninso ku gulu la m'dera lanu lothandiza za mowa. Kwa ogwira ntchito za mashifiti, kuli misonkhano ya m'mawa, masana ndi usiku. Ndipo amene mapepala anu sali bwino, dziwani kuti ku AA safunsa pasipoti, chiphaso kapena dzina la bambo anu.

Chachisanu ndi chimodzi: imbani musanapite

Mwapeza nambala. Imbani kapena lembani uthenga wachidule: "Moni, ndamva kuti pali gulu la osiya mowa. Ndikufuna kubwera koyamba." Funsani tsiku, nthawi, ndi khomo lenileni lolowera. Funso la khomo likuoneka laling'ono, koma anthu ambiri amabwerera pa geti chifukwa chochita manyazi kufunsa mlonda. Ngati n'kotheka pemphani kuti wina akudikireni panja.

Funsaninso chilankhulo. Magulu ena a m'mizinda amayendetsa zonse m'Chingerezi, ndipo ngati mtima wanu umalankhula Chichewa, ndi bwino kudziwiratu ngati mungaloledwe kufotokoza m'Chichewa. Ambiri amalola. Funsani ngati msonkhanowo ndi "open" kapena "closed": woyambawo aliyense akhoza kulowa, kuphatikizapo mkazi wanu kapena mchimwene wanu wokuperekezani, pamene wachiwiriwo ndi wa okhawo amene akufuna kusiya mowa. Amayi afunse ngati pamakhala amayi ena. Mayi womwa mowa amanyozedwa kawiri kuposa bambo, ndipo kukhala yekha pakati pa abambo khumi kungamutseke pakamwa. Ngati palibe, misonkhano ya amayi okhaokha ilipo yambiri pa intaneti.

Konzeranitu ulendo wobwerera. Misonkhano yambiri imatha kutada. Onani njira imene simudutsa pa bala yanu, ndipo tengani ndalama ya minibasi kapena ya kabaza yokha yokwanira, osati yotsala.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku loyamba

Musadikire kuti mukhale kaye mlungu wathunthu osamwa kuti mukaoneke bwino. Anthu ambiri amachedwa miyezi chifukwa cha maganizo amenewa. Ngati mwamwa tsikulo, pitanibe, bola musasokoneze ndipo musalowe ndi botolo. Mwina adzakupemphani kuti lero mungomvetsera, kenako wina adzacheza nanu pamapeto.

Fikani mphindi khumi nthawi isanakwane. Uzani munthu woyamba kukumana naye kuti ndinu watsopano. Ku AA msonkhano umayamba ndi kuwerenga mawu ofotokoza cholinga cha gulu, kenako munthu mmodzi amafotokoza mbiri yake kapena amasankha mutu, ndipo ena amalankhula mosinthana. Wina akamalankhula sadulidwa, safunsidwa mafunso, ndipo sapatsidwa malangizo. Kwa ife amene tinazolowera bwalo la ankhoswe, kumene aliyense amaikapo mlomo pa mlandu wako, chimenechi chimadabwitsa. Mudzamva anthu akutchula dzina loyamba n'kunena kuti ndi zidakwa. Inu simukakamizidwa kunena mawu amenewo. Nthawi yanu ikafika mukhoza kungoti, "Ine ndangobwera kudzamvetsera," ndipo adzapitirira kwa wina. Pamapeto pamadutsa mbale kapena kathumba ka ndalama zolipirira chipinda ndi tiyi. Ngati mulibe, idutsitseni.

Mukapezamo munthu wokudziwani, kaya ndi mphunzitsi wa mwana wanu kapena woyandikana naye nyumba, mtima udzagunda. Kumbukirani kuti wabwerera chimodzimodzi, ndipo chinsinsi chake chili m'manja mwanu monga chanu chilili m'manja mwake.

Pomvetsera, musamawerengere kusiyana. Mutu udzakuuzani kuti, "Uyu anagona m'ngalande, ine sindinafike pamenepo," kapena, "Awa ndi a magalimoto, amamwa za m'mahotela, sangamvetse za kachasu." Mvetserani zimene zikufanana: malonjezo a m'mawa amene amasweka madzulo, ngongole, mabodza a kunyumba, mantha a pa tsiku lolandira malipiro. Ndipo msonkhano ukatha musathamange. Mphindi khumi za pakhomo anthu akumwa tiyi nthawi zambiri zimapindulitsa kuposa ola lonse. Pemphani manambala a foni a anthu awiri kapena atatu amene akhala nthawi osamwa, abambo kwa abambo, amayi kwa amayi. Nambala zimenezo ndi zoimba musanamwe, pamene chilakolako chakugwirani pakhosi, osati mutamwa kale.

Chachisanu ndi chitatu: liyeseni gululo

Msonkhano umodzi sukwanira kuweruza. Pitani kangapo, ndipo ngati m'tawuni muli magulu awiri, yesani onse. Lililonse lili ndi khalidwe lake.

Koma pali zinthu zoti mukaziona muchoke osayang'ana m'mbuyo. Gulu lofuna ndalama yolembetsera, kapena logulitsa madzi, mafuta kapena zitsamba zochotsa chilakolako. Gulu limene limajambula anthu zithunzi ndi kuika pa Facebook ngati umboni, kapena kukuimitsani pamaso pa mpingo kapena alendo obweretsa thandizo musanavomere. Gulu limene munthu mmodzi yekha ndiye amalankhula, amasunga ndalama ndipo safunsidwa. Malo amene amatsekera, kumanga kapena kumenya anthu. Munthu wakale m'gulu amene akufunsira watsopano. Ndipo choopsa kuposa zonse, aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV, mankhwala a khunyu kapena a matenda a maganizo chifukwa "nawonso ndi mankhwala" kapena chifukwa mwachiritsidwa. AA yeniyeni imanena poyera kuti membala asadzisandutse dokotala.

Gulu labwino mudzalidziwa chifukwa muli anthu amene akhaladi nthawi osamwa, muli kuseka, ndipo munthu amene anagwa akabweranso amalandiridwa popanda kumufunsa mlandu. Mukakhazikika, sankhani munthu mmodzi wodziwa njira woti azikuyendetsani payekha. Ku AA amamutcha sponsor. Si wokulipirirani kanthu kapena wokubwerekani ndalama. Ndi woti mungamuimbire usiku. Landiraninso kantchito, kaya kuyala mipando kapena kuwiritsa madzi a tiyi. Munthu amene ali ndi makiyi a chipinda savuta kubwera.

Ngati kwanu kulibe gulu

Kwa ambiri a kumudzi ndi m'matawuni ang'onoang'ono, mayankho onse adzakhala akuti kulibe. Pali njira ziwiri.

Yoyamba ndi misonkhano ya pa Zoom. Pa aa-intergroup.org pali mndandanda wa misonkhano ya AA ya pa intaneti imene imachitika usana ndi usiku, ndipo SMART Recovery ilinso ndi yake. Yambiri ndi ya m'Chingerezi. Ya ku South Africa ndi yosavuta chifukwa nthawi yawo ndi yathu ndi imodzi. Ya ku Britain imatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Zimitsani kamera kuti bandulo ichedwe kutha, lembani dzina loyamba lokha, ndipo gwiritsani ntchito zomvetsera za m'makutu ngati m'nyumba muli anthu. Magulu a pa WhatsApp amathandiza pakati pa mlungu, koma kumbukirani kuti nambala yanu imaoneka kwa aliyense ndipo uthenga ukhoza kujambulidwa. Zakuya zisungireni pakamwa.

Yachiwiri ndi kuyambitsa lanu. Malinga ndi mwambo wa AA, zidakwa ziwiri kapena zitatu zokumana ndi cholinga chosiya mowa ndi gulu kale, sizifunika chilolezo cha wina. Kayendetsedwe kake sikachilendo kwa aliyense amene anakhalapo mu banki mkhonde: tsiku limodzi lodziwika, nthawi yosasintha, malamulo ochepa ogwirizana, ndi maudindo osinthana. Pezani mnzanu mmodzi kudzera kwa namwino uja. Pemphani chipinda ku chipatala, ku sukulu kapena ku mpingo, chokhala ndi chitseko chotseka, ndipo ngati chili cha mpingo nenani poyera kuti a zipembedzo zonse adzalowa. Pewani nyumba ya munthu, chifukwa ana ndi alendo amamva. Sankhani nthawi imene kale munkakhala ku mowa, monga Lachisanu madzulo kapena Loweruka masana. Mabuku a AA amawerengeka mwaulere pa aa.org, ndipo amene amadziwa Chingerezi akhoza kumawerenga ndime imodzi n'kuifotokoza. Yesetsani kuti mmodzi wa inu azilowa misonkhano ya pa intaneti ndi kupeza munthu wakale woti azikulangizani, popeza anthu awiri amene onse asiya mlungu watha akhoza kukokerana pansi. Ndalama zikhale zochepa, za shuga ndi masamba basi. Gulu likayamba kulemba makalata opempha thandizo ku mabungwe, anthu amayamba kubwerera ma alawansi.

Kwa amene mukusakira wina

Ambiri owerenga izi ndi akazi, amayi, alongo kapena ana a munthu womwa. Mukhoza kuchita zonse zili pamwambazi: kufunsa, kuimba, kupeza tsiku ndi khomo, ngakhale kupita nokha ku msonkhano wolola aliyense kuti mukaone. Kenako muuzeni ali bwinobwino, m'mawa, osati ataledzera kapena pakati pa mkangano: "Bambo a ana, ndapeza malo amene anthu osiya mowa amakumana. Mukafuna ndikuperekezani." Mukatero mwachita mbali yanu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musamuthirire mankhwala kapena zitsamba mobisa m'chakudya kapena m'mowa kuti asanze. Anthu avulala nazo. Musamutsekere m'nyumba kuti asamwe ngati ndi womwa tsiku lililonse, pa chifukwa chimene tafotokoza poyamba paja.

Inunso muli ndi gulu lanu. Al-Anon inayamba mu 1951, ndipo mmodzi mwa oyambitsa anali Lois, mkazi wa Bill Wilson. Ndi ya abale a anthu omwa, kaya womwayo wasiya kapena ayi, ndipo misonkhano yake ya pa intaneti imapezeka pa al-anon.org. Ngati m'nyumba muli kumenyedwa, imeneyo si nkhani yodikira kuti munthu asiye mowa. Pitani ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa.

Mukamwanso

Zimachitika kwa ambiri, kawirikawiri pa maliro, pa ukwati kapena pa tsiku la malipiro. Chimene chimawononga kwambiri ndi manyazi a pambuyo pake, amene amachititsa munthu kujomba mlungu umodzi, kenako mwezi. Imbirani mmodzi wa anthu a m'gulu amene anakupatsani nambala aja tsiku lomwelo, ndipo pitani ku msonkhano wotsatira ngakhale fungo lisanathe. Ngati mwamwa mowirikiza kwa masiku angapo ndipo manja ayambanso kunjenjemera, dzerani kaye kuchipatala, ndipo muwauze ngati munakomokapo kale posiya mowa, chifukwa amene zinamuchitikirapo kamodzi zimavuta kwambiri ulendo wotsatira.